Mono Umene Unandipatsa Amayi Anu

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanatheretu. Zaubwana ndizilumpha, chifukwa kuweta mbuzi za amalume ku Dedza sikunandiphunzitse china koma kuthamanga. Ndiyambira pamene boma linayamba kundidziwa dzina. Ndipo popeza mumandiseka ndikakhala pakhonde ndi mpeni ndi nsungwi, n'kumafunsana kuti kapitawo wa misewu ndi miono ya nsomba anakumana kuti, chigawo chino chikuyankhani.

1938–1942: Msewu wa kwathu

Ntchito ya misewu ndinailowa ndi khasu ngati wina aliyense. Koma ndinali nditaphunzirako pang'ono pa sukulu ya mishoni, ndipo ndinkamva mzungu akamakalipa, choncho sipanapite nthawi anandipatsa gulu langa la anthu kuti ndiziliyang'anira. Bwana wathu tinkamutchula kuti Fulumira, chifukwa ndiwo mawu a Chinyanja amene ankawatchula bwino kuposa ena onse. Sanali woipa mtima. Ankakalipa mpaka khosi kufiira, akatha n'kukupatsa fodya, mawa lake n'kukalipanso pa nkhani yomweyo. Chimene anandikondera n'chakuti ndinkadziwa kuluka. Dothi la pamsewu tinkatuta ndi madengu, ndipo madengu ogula ankangomasuka. Ine bambo anga anandiphunzitsa kuluka nkhokwe ndi madengu ndili wamng'ono, ndipo ndinkaluka mothithikana moti ngakhale mchenga sunkadontha. Kwathu ankati nkhokwe ya Mbewe mbewa imalirira panja. Ndinali ndi matama ndi luso limeneli, ndipo musaiwale zimenezi chifukwa mudzazifuna kutsogoloku.

1943: Ku Luweya

Chaka chimenecho bwana Fulumira anamutumiza kumpoto kukayang'anira msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo anati Mbewe sindimusiya. Anandiika pa msasa wa pafupi ndi mtsinje wa Luweya, pamene anthu ndi magalimoto ankawolokera pa pantoni. Pantoniyo inali thandala la matabwa loyandama pa migolo, ndipo anthu ankaikoka ndi chingwe chachitsulo chomangidwa kutsidya ndi kuno. Miyezi yoyamba ndinavutika. Kondowole, nsima ya chinangwa ya kuno, ankandikakamira pakhosi. Chitonga ndinkangomva yewu basi, mawu awo othokozera ndi kuyankhira moni. Nsomba ndinkadya ndi mantha chifukwa cha minga, ndipo madzi ndinkawaopa kwambiri, moti pantoni ikafika pakati pa mtsinje ndinkakhala pansi n'kumanamizira kuti ndikuyang'ana misomali.

Nthawi imeneyo kunali nkhondo, ndipo chilichonse chinkasowa. Mchere, nsalu, misomali, sopo, ukafunsa ankangoti zili ku nkhondo. Ndiye tsiku lina chingwe cha pantoni chinaduka. Bwana analembera ku Zomba, ku Zomba anamuyankha kuti adikire. Iye kudikira sankakudziwa. Anandiitana n'kunena kuti, "Mbewe, pofika Loweruka galimoto iwoloke. Chingwe ukachipeze kumene ukudziwa. Fulumira!"

Pagulu langa panali bambo wina wachikulire wa konkuno, a Kamanga. Iwo ndiwo anandiuza kuti kumtunda kwa mtsinje kuli Ada Mhone, ndiye kuti bambo Mhone m'Chitonga, oluka miono, amene amadziwa chingwe chilichonse cha m'nkhalango. Tinapita. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, mono wosatha uli pakati pa mawondo. Kwa inu adzukulu obadwira m'tauni, mono ndi msampha wa nsomba wolukidwa ndi nsungwi kapena bango, wautali ngati munthu, wotsekeka kumbuyo, ndipo nsomba ikalowa siituluka. Ada Mhone anali wamfupi, wa imvi, ndipo mpeni anaugwira kumanzere.

"Timuoneni," anatero.

"Yewu, ada," ndinayankha monga a Kamanga anandiphunzitsira panjira.

Anaseka n'kusinthira ku Chinyanja, chimene anachiphunzira ali mnyamata ku Halale. "Ndinu a kapitawo aja okhala pansi pantoni ikafika pakati?"

Ndinachita manyazi, ndipo kuseri kwa nyumba wina anaseka mokweza. Anali mtsikana amene ankayanika chinangwa pathandala. Ameneyo anali Elina, NyaMhone, amayi anu. Chinthu choyamba chimene anandichitira pa moyo uno ndi kundiseka, ndipo sanaleke mpaka lero.

Ada Mhone anatitengera kunkhalango ndi anthu anga, tinadula chilambe ndi zingwe zina zoyanga m'mitengo, tinazinyika m'madzi, n'kupota chingwe chonenepa ngati dzanja. Galimoto inawoloka Lowerukalo, ine mtima uli m'mwamba. Chingwecho chinkafuna kukonzedwa kawirikawiri, ndipo ndikuuzeni zoona, palibe kapitawo m'dziko muno amene anasamala chingwe ngati mmene ndinasamalira chimenechi. Chikatha pang'ono ndinali kale panjira yopita kwa Ada Mhone kukafunsa nzeru. A Kamanga anayamba kunena kuti chingwechi chikudwala matenda achilendo.

1944: Nkhokwe ya m'madzi

Nditaona kuti Elina akandiseka amandipatsanso madzi akumwa, ndinatuma a Kamanga kuti akandilankhulire. Anabwerako akukanda mutu. Anati madala sanakane ndipo sanavomere, akufuna ndipite ndekha. Ndinavala malaya anga a khaki, nsapato ndinapukuta, ndinakakhala pansi pa mango uja manja ali pamawondo.

"A kapitawo," anayamba, "za chuma adzakambirana akuluakulu, sizindidetsa nkhawa. Nkhawa yanga ndi iyi. Ana anga aamuna, wina ali ku Joni, wina ku Halale, wina ku nkhondo. Amatumiza zipewa ndi majekete, koma jekete silitchera mono. Mwaliona biyo lathu?"

Ndinali nditaliona. Biyo ndi mpanda wa mitengo ndi bango umene amuna a mudzi amamanga chopingasa mtsinje mvula ikamatha, kusiya mipata yoikamo miono. Banja lililonse linali ndi mpata wake, ndipo wa a Mhone unali wabwino, pamene madzi amathamanga, wosiyidwa ndi agogo awo. Anandifotokozera kuti mpata ukakhala wopanda mono chaka chathunthu, mudzi umaupereka kwa banja lina, ndipo subwereranso.

"Mawondo anga atha," anatero. "Madzi a m'mawa akundiluma. Tsono munthu wa boma lero ali pano, mawa kalata yabwera, wapita. Mwana wanga adzadya nsomba kapena adzadya fumbi la msewu? Lukani mono ndi manja anu. Tidzauike pa mpata wanga nsomba za mpasa zikamakwera mtsinje. Ukagwira, mubwere tidzakambe. Ukapanda kugwira, tidzakhalabe pa ubwenzi wa chingwe."

Ine mumtima ndinaseka. Kuluka? Munthu woluka nkhokwe yoliza mbewa? Ndinathokoza, ndinatsanzika, ndipo sindinafunse ngakhale funso limodzi. Ndinadula nsungwi zanga, ndinazing'amba, ndinazipala, ndipo madzulo ndikaweruka ndinkaluka kumsasa mobisa kuti ndidzawadabwitse. Ndinaluka monga ndinkadziwira, mothithikana, popanda kampata ngakhale kolowa singano. Unatuluka wokongola, wosalala, wolemera. Mvula yoyamba itagwa ndinati ndiuyese ndekha pa kamtsinje kothira mu Luweya. Ndinaganiza monga munthu wa kumapiri: kwathu chilichonse chobwera ndi madzi chimachokera kumtunda. Choncho kukamwa kwa mono ndinakulozetsa kumtunda kuti nsomba zizingogweramo.

M'mawa mwake mono kunalibe. Amayi okachapa ndiwo anaupeza kumunsi utakodwa m'bango, ndipo anaunyamula anthu awiri mpaka kwa Ada Mhone, chifukwa sanadziwe kuti chinthu chotere ndi cha ndani. Pamene ndinkafika n'kuti mudzi wonse utasonkhana. Ada Mhone anaupendeketsa, munatuluka matope, masamba, timitengo, kenako chule wamkulu amene anatiyang'ana tonse n'kumapita mosafulumira. Anthu anagwa nazo pansi. Elina analowa m'nyumba atagwira pakamwa.

Ada Mhone sanaseke. Anauzungulira, anaugogoda ndi chala, anayesa kusuzumira m'mbali. "Ntchito yabwino," anatero. "Chimanga chake chili kuti?"

Pamenepo ndiye anthu anatheratu. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndikanakhala ndi kolowera ndikanalowa. Koma anthu atabalalika madala aja anandikhazika pansi n'kundilankhula bwinobwino. "Nkhokwe imatsekera zinthu kunja. Mono umafuna madzi adutse ngati palibe kanthu. Mukatseka, madzi amaukankha, ndipo nsomba imamva kuti apa pali khoma. Siyani mipata yolowa chala, tiana ta nsomba tizituluka, chaka chamawa tidzabwere titakula. Nanga kukamwa munalozetsa kuti?"

"Kumtunda, ada."

"Kwanu nsomba zimatsika m'phiri? Kuno zimachoka kunyanja, zimakwera mtsinje kukaswa. Mono umayang'ana kunyanja. Mawa mubwere ndi mpeni, nsapato musiye."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana ndinali pansi pa mango. Anandiphunzitsa kusankha nsungwi zokhwima, zachikasu, zodula mwezi uli mumdima kuti zisafumbwe. Anandiphunzitsa kupala nsungwi zong'ambazo kuti zikhale zowonda mofanana, kupinda mikombero ya nthambi zofewa pamoto, kunyika chilambe kuti chisathyoke pomanga. Thupi la mono ndinalidziwa msanga, manja anga atangozolowera kusiya mipata, ngakhale poyamba zala zinkandiyabwa kufuna kutseka. Chimene chinandigonjetsa ndi khosi. Khosi la mono ndi kakhomo ka m'kati, kopangidwa ndi timitengo tosongoka toloza kumbuyo. Nsomba ikakankha ndi mutu timatseguka, ikadutsa timabwerera. Ukamanga mothina nsomba imagunda n'kubwerera, ukamanga molekerera imalowa n'kutuluka ngati kwa amalume ake. Zonse zimadalira mfundo zomangira timitengoto ku mkombero.

Tsono Ada Mhone anali amanzere, ndipo mfundo yawo inkapita mobwerera, mchira wake n'kugonera kumanzere. Ine ndikatsanzira ndi dzanja lamanja inkamasuka. Ndikayesa ndi lamanzere ndinkadzicheka. Iwo ankalowetsa dzanja m'khosi limene ndamanga, n'kulitulutsa bwinobwino osakandika, n'kunena mawu awo a ku Halale, "Rabishi." Tsiku lina atatopa nane anati, "Lekani kuba dzanja langa. Mangani mfundo ya dzanja lanu, bola igwire." Ndinayamba kumanga yanga, yogonera kumanja. Inkagwirako, koma masiku ena khosi linkathina, masiku ena linkalekerera, ndipo chifukwa chake sindinkachidziwa.

Elina sankaloledwa kukhala nafe, koma ankadutsa pafupi ndi mtsuko kawirikawiri kuposa mmene nyumba imodzi ingafunire madzi. Tsiku lina bambo ake atapita kuseri anandinong'oneza kuti, "A kapitawo, kodi kwanu achule mumadyera chiyani, mchere kulibe chonchi?" Ndinamuuza kuti adikire mpasa. Anati, "Ndikudikira. Koma musandidikiritse mpaka imvi." Anapita osatembenuka, ndipo tsiku limenelo ndinadzicheka kawiri.

1945: Kalata ndi biyo

Mvula ikupita kumapeto ndinamaliza mono woti ukayesedwe. Ndinaupachika pa khonde la Ada Mhone kudikira kuti madzi atsike, amuna amange biyo. Iwo anauyang'ana, analowetsa dzanja m'khosi, sananene rabishi ndipo sananene china chilichonse. Kukhala chete kumeneko kunandisowetsa mtendere kuposa kutukwanidwa.

Sabata yomweyo bwana Fulumira anandiitanitsa ku Chintheche. Ndinamupeza akumwetulira, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anati kumapiri a Vipya kukutsegulidwa msewu watsopano mvula ikangoleka, ndipo akufuna kapitawo wamkulu woyang'anira magulu onse. Anatchula dzina langa kwa akuluakulu ndipo avomera. Malipiro okwera, nyumba ya njerwa, njinga ya boma. Galimoto inyamuka kumayambiriro kwa mwezi.

Ana anga, musaganize kuti ndinayankha ngati munthu wolimba mtima. Njinga imeneyo ndinaiona m'maso. Ndinaona amayi anga ku Dedza akuuza anzawo kuti mwana wawo ndi kapitawo wamkulu. Ndiponso mpasa zinali zisanayambe kukwera. Ndikakana ntchito, mono n'kupanda kugwira, nditaya zonse ziwiri. Ndikapita, mono ukhoza kugwira ine kulibe, ndipo madala adzangoti si ndinanena, kalata yabwera. Ndinapempha bwana kuti andipatse masiku pang'ono. Anati za masiku sakuzidziwa, ndiyankhe Lolemba.

Ndinakafunsa a Kamanga ngati sindingapite kaye n'kudzabwera mpasa zikafika. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Mbewe, mapanga awiri avumbwitsa." Kwa Ada Mhone sindinapite, chifukwa ndinadziwa kuti sangandiuze kuti khalani. Lamulungu ku tchalitchi ndinamuona Elina mbali ya amayi. Nkhani inali itamupeza kale, pakuti kuno nkhani imawoloka mtsinje pantoni isanakokedwe. Sanandiseke tsiku limenelo. Anangoyang'ana buku lake la nyimbo, ndipo sankaimba. Ndinatuluka m'tchalitchimo nditadziwa yankho langa.

Lolemba ndinaima pamaso pa bwana, chipewa chili m'manja. "Bwana, zikomo kwambiri, koma ku Vipya sindipita."

"Wadwala?"

"Iyayi, bwana. Ndili ndi mono woti ndiuone."

Anafunsa womasulira kuti mono ndi chiyani. Atamuuza, khosi lija linafiira mpaka m'makutu. "Nsomba? Ndakunyamula kuchokera ku Dedza, ndakutchula kwa akuluakulu, iwe ukundiuza za nsomba? Wapenga, Mbewe?"

"Pali ndi mkazi, bwana."

"Wakulola?"

"Zidalira nsombazo, bwana."

Anakhala pansi. Kenako anati gulu langa lonse likupita ku Vipya, ndipo kuno ntchito yotsala ndi imodzi yokha, yoyang'anira pantoni, malipiro ake otsika kuposa amene ndinkalandira. Ngati ndikufuna kukalamba ndikukoka chingwe, ndi zanga. Ndinavomera. Potuluka anandiitana n'kundiponyera fodya, osandiyang'ana. Ndinamva chisoni, chifukwa munthu uja anandikonda m'njira yake, ndipo sitinadzaonanenso. Choncho ine, woopa madzi, ndinakhala mwini pantoni ya pa Luweya.

Madzi atatsika amuna anamanga biyo, ine ndili nawo, kukhoma mitengo madzi ali m'chiuno, maso ali uku ndi uku kuopa ng'ona. Tsiku lotchera, Ada Mhone anaunyamula okha mono wanga kuchokera pakhonde, anati mlendo sanyamula mono kupita nawo ku mpata wa eni. Anauika m'madzi, kukamwa kuloza kunyanja, ine ndinaumangirira ku mitengo, tinauphimba ndi masamba. M'mawa woyamba tinapeza mulibe kanthu, koma ndi miono ya ena yomwe inali yopanda kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Chakudya chinaleka kundilowa.

Kenako m'mawa wina a Kamanga, amene anakana kupita ku Vipya chifukwa cha ukalamba, anandigwedeza kuti mpasa zafika. Tinathamanga. Kumunsi kwa biyo madzi ankachita kuwira. Amuna analowa aliyense pa mpata wake, amayi ataima kumtunda ndi madengu. Ine ndinalowa osakumbukiranso za ng'ona. Nditagwira mono ndinamva ukugunda m'manja mwanga. Ndinamasula zingwe, ndinayesa kuukweza, unandikanika, mpaka anthu awiri anandithandiza kuukokera pamchenga. Titamasula kumbuyo munatuluka mpasa zonenepa, zonyezimira, zikudumpha pamchenga, ndipo amayi anayamba nthungululu. Ndinakhala pansi pomwepo m'matope n'kuyamba kuseka ngati wamisala, misozi ikutuluka.

Ada Mhone anabwera ndi ndodo yawo, anayang'ana nsomba, anasuzumira m'mono, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve, "Waluka mono uwu ndani?"

"Ine, ada!"

Anandiyang'ana pang'ono. "Veri gudu," anatero. "Mutume a Kamanga."

Tinakwatirana chaka chomwecho chinangwa chitakumbidwa. Mono uja unagwira ntchito nyengo yonse mpaka unayamba kuwola, monga imachitira miono yonse. Pokautaya, amayi anu anadulako khosi lake ndi mkombero womwe, n'kulisomeka kudenga la khitchini pamwamba pa moto kuti utsi ulisunge. Ndinakondwa kwambiri kuona mkazi wonyadira ntchito ya manja a mwamuna wake.

1946–1957: Pa pantoni

Zaka za pa pantoni zinali zabwino, ngakhale nsapato zatsopano sindinkaziona kawirikawiri. Chingwe chachitsulo chinabwera nkhondo itatha. Mabwana anasinthana, ena aulemu, ena ongodziwa kuliza hutala kutsidya ngati mtsinje ungawamvere. Kusambira ndinaphunzira, kondowole ndinayamba kumukonda, ndipo inu munabadwa mmodzimmodzi. Chaka chilichonse ndinkaluka miono ya pa mpata wa a Mhone. Ya zaka zoyambirira inkagwira mwa apo ndi apo, ndipo ndinkadabwa kuti dzanja limene linachita bwino poyamba paja lalowa chiyani. Apongozi anga ankangoti nsomba zili ndi zaka zake. Pang'onopang'ono zala zinadziwa zokha kuthina koyenera, moti anthu anayamba kubwera kuchokera ku Kande kudzandipempha kuti ndiwamangire makosi. Mpata uja sunakhalepo wopanda mono ngakhale chaka chimodzi. Alamu anga atabwerako ku Joni ndi masuti awo anaupeza uli m'manja mwa banja, ndipo nsomba tinkagawana.

Nkhani ya mono woyamba ndinaikamba paliponse, pa maukwati, pa pantoni, kwa aliyense wodikira kuwoloka. Akulu mwa inu mukuikumbukira, chifukwa munkathawa ndikaiyamba. Ndinkati munthu wa kumapiri anabwera kudzaonetsa eni nyanja kalukidwe ka mono. Apongozi anga akakhalapo ankangogwedeza mutu n'kumati, "Zoona, zoona." Anamwalira mvula ya 1956 ikuyamba, ndipo ndinawalira ngati bambo anga ondibala.

1958: Denga la khitchini

Chaka chimenecho denga la khitchini linayamba kudontha, ndipo tinaganiza zofolera lina. Ndikusasula udzu wakale, chinthu chakuda ndi mwaye chinagwa pansi. Linali khosi lija. Ndinatsika, ndinalitola, ndinalipukuta ndi udzu kuti ndikaonetse anthu amene ankandithandiza, nkhani yanga ili kale pakamwa. Kuyambira tsiku limene linasomekedwa ndinali ndisanaligwirepo m'manja, ndipo tsopano manjawo anali a munthu woti wamanga makosi osawerengeka. Chala chitangodutsa pa mfundo yoyamba ndinaima. Mchira wake unagonera kumanzere. Ndinayang'ana yachiwiri, yachitatu, kuzungulira mkombero wonse. Zonse kumanzere, zothina mofanana, zaudongo. Panalibe mfundo yanga ngakhale imodzi.

Ndinawapeza amayi anu kuseri akusenda chinangwa. Ndinaliika khosilo patsogolo pawo. "NyaMhone, mfundo izi ndi za ndani?"

Anayang'ana khosi, anayang'ana ine, mpeni osaleka kusenda. "Mwangoona lero?"

"Ndikufunsa kuti ndi za ndani."

"Mukuzidziwa. Tsiku limene a Kamanga anabwera kudzanena kuti mwakana za ku Vipya, ada anautsitsa mono pakhonde n'kulowa nawo m'nyumba. Anati khosi ili ngakhale mvuu ikhoza kulowa n'kutuluka. Anamasula lonse n'kumanga lina. Ine ndi amene ndinawagwirira mkombero."

Ndinakhala pa mtondo umene unali pafupi. Ndinaganiza za maukwati onse aja, za anthu onse a pa pantoni, za madala akugwedeza mutu kuti zoona, zoona. Manyazi anandigwira, kenako mkwiyo pang'ono. "Ndiye zaka zonsezi mumandimvera ndikudzitama, inu muli chete?"

"Mumakamba bwino," anatero. "Chaka chilichonse nsomba zimachulukirachulukira."

"Nanga bwanji anandifunsa pamaso pa anthu kuti waluka ndani?"

Apa anaika mpeni pansi, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi chiseko chomwe chija cha kuseri kwa nyumba. "Ankafuna aone ngati mwazindikira. Atabwera kunyumba ndinawafunsa kuti zatha bwanji. Anati, munthu uja maso alibe, koma sachoka. Ukwatiwe naye."

Ndinayesa kukwiya koma sizinatheke. Tinaseka awiriwiri mpaka ofolera denga anatsika kudzaona chachitika, ndipo pakati pa kusekako ndinapezeka ndikulira, chifukwa munthu woti ndimuthokoze anali atagona kale kumanda, ndipo anapita osandipatsa mpata.

Denga latsopano litatha ndinalisomekanso khosilo ndi manja anga, ndipo nyumba iliyonse imene takhalamo lasamuka nafe. Lilipo mpaka lero pamwamba pa moto. Wina asadzaliyese nkhuni ine ndikadzapita. Samuyeli mwana wanga, ndiwe udzalisunge, iwe amene aphunzitsi anakumenya zala zaka zonse zija kuti uleke kulembera kumanzere, dzanja la agogo ako a Mhone, ndipo sunaleke.